Mawa Usabwere Naye

1. Uthenga wa pageti

Dzina loti Wailesi anamupatsa ndi amalume ake, ndipo sanamunamizire. Mtsikanayu akayamba kuyankhula m'mawa, ngakhale tambala ankamusiyira bwalo. Anali mu Fomu 2, ndipo aphunzitsi ake anali atatopa n'kumusintha malo okhala m'kalasi.

Mng'ono wake ndiye sankayankhula n'komwe. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma chibadwire sanatchulepo liwu ngakhale limodzi. Akakondwa ankangolira chapansipansi kuti kuu, kuu, n'chifukwa chake onse ankamutcha Kanjiwa. Phokoso likamuchulukira ankatseka makutu n'kuthamanga osayang'ana kumene akupita.

M'mawa uliwonse Wailesi ankamuperekeza ku sukulu ya ana ofunika chithandizo chapadera, imene inali kuseri kwa msika, m'mbali mwa msewu waukulu. Masana akaweruka ankadzamutenga. Sukulu yotere inali imodzi yokha m'tauni monse, ndipo Kanjiwa anadikira nthawi yaitali asanapeze malo.

Lachitatu masana Wailesi anapeza mng'ono wake atatulutsidwa kale. Anali pageti ndi mayi wosamalira kalasi yake, amene aliyense ankangomuti Anti.

"Mawa usabwere naye," anatero Anti, maso ali kumbali. "Ahedi atero."

"Kwagwanji, Anti? Sukulu yatsekedwa?"

"Kukubwera oyendera sukulu. Mng'ono wakoyu ukumudziwa, akaona nkhope zachilendo amasokonezeka. Apume kaye tsiku limodzi."

Anti anabwerera m'kati mofulumira. Pomwepo panatuluka Amakanika, bambo wa ovololo yamafuta, akukankha chikuku cha mwana wawo wamwamuna wosatha kuyenda.

"Wailesi, amayi ako afika nthawi yanji mawa?" anafunsa Amakanika.

"Afika kuti, bambo?"

"Kumsonkhano. Oyenderawo akufuna kucheza ndi mabanja. Akuti aliyense amene ali ndi mwana pano, kaya ndi kholo, kaya agogo, kaya mkulu wake, abwere adzanene zimene amaona. Simunauzidwe?"

Wailesi anapukusa mutu.

"Oo," anatero Amakanika, n'kuseka chiseko chosafika kumtima. "Ndiye kuti asankha. Ine Ahedi anandiitanira mu ofesi. Mawu okanena andipatsa kale, kwangotsala kuwasita."

2. Zimene anaona pawindo

Wailesi ankadziwa chifukwa chake iwo sanasankhidwe.

Mwezi wapitawo, kusukulu kwawo anaweruka msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Anafika kusukulu ya Kanjiwa nthawi isanakwane, ndipo anasuzumira pawindo kuti amudzidzimutse.

Amene anadzidzimuka anali iye mwini. Kanjiwa anali pampando wachitsulo pakona, atayang'ana khoma. M'chiuno mwake munadutsa nsalu, ndipo mfundo yake inali kumbuyo kwa mpando, kumene manja ake sakanafika. Diresi lake linali litanyowa, pansi pali chithaphwi. Sankalira. Ankangogwedeza mutu kutsogolo ndi kumbuyo.

Anti anali yekha ndi kalasi yonse. Dzanja lina ankamwetsa mwana madzi, lina atagwira kamnyamata kamene kankafuna kukwera pawindo. Ataona Wailesi anathamanga kukamasula mfundo ija.

"Akanathawira kumsewu," anatero Anti. "Wathawa kale kawiri lero. Ine manja ndili nawo awiri okha."

Tsiku limenelo Wailesi anauza amayi ake zonse. Amayi analira, anasambitsa Kanjiwa, kenako anati nkhaniyi isatuluke m'nyumba. Kwa munthu wa pakamwa ngati Wailesi, mwezi umenewo unali wautali kwambiri.

3. Chenjezo la amalume

Lachitatu lomwelo madzulo, amalume anadutsa pakhomo pochokera ku shopu yawo yometera. Amayi anali pampando akupinda siketi imene anabwera nayo kuchokera kuntchito, poti ankasoka zovala m'shopu ya munthu wina. Kanjiwa ankandandalika zivindikiro za mabotolo pansi.

Wailesi anafotokoza za oyendera ndi za msonkhano. Asanamalize n'komwe, amalume anakweza chala.

"Iwe Wailesi, tseka kaye, utchere khutu. Ine ndimameta anthu tsiku lonse, ndipo mitu imene ndimagwira imandiuza zambiri. Oyendera ndawaonapo. Amabwera pagalimoto, amamwa tiyi mu ofesi, amalembalemba, n'kumapita. Mlendo ndi mame, dzuwa likangokwera sumuonanso. Koma Ahedi sapita kulikonse. Lachisanu adzakhala pomwepo, sabata yamawa pomwepo. Ukawachititsa manyazi pamaso pa mabwana awo, ukuganiza adzakuombera m'manja? Ndipo sadzakukalipira ayi, anthu ophunzira sakalipa. Adzangomwetulira n'kunena kuti mwanayu vuto lake ndi lalikulu, sukulu yathu singakwanitse. Basi, yatha. Kunjaku kuli ana ambirimbiri amene akudikira malo amenewo. Ine ndinakawagwadira Ahediwo, ndi mawondo angawa, kuti Kanjiwa alowe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlomo wakowo usapite nawo kusukulu ya mng'ono wako."

"Ndiye azingomumanga ngati mbuzi, amalume?"

Amayi anabaya singano pansalu n'kuiika pambali.

"Ukuganiza kuti ine sizindipweteka?" anatero amayi. "Ndinamubereka ndine. Koma ukukumbukira mmene zinalili asanapeze malo? Ndinkapita naye kuntchito, mpaka abwana anandiuza kuti ndisankhe pakati pa mwana ndi makina. Tsiku lina ndinamutsekera m'nyumba muno, ndipo ndinamupeza ataswa windo, magazi thupi lonse. Kusukuluko amamumanga, inde, koma amabwerako wamoyo. Waphunzira kugwira supuni. Waphunzira kuloza chimbudzi. Akamuchotsa ndikamusiya kuti? Ndiuze, poti ndiwe wodziwa kuyankhula."

"Mawa supita kusukulu," anamaliza amayi. "Ukhala naye pakhomo, ndipo chitseko chikhale chotseka."

4. Kanjiwa avala nsapato

Vuto linali lakuti Kanjiwa sankadziwa za oyendera. Iye ankangodziwa kuti kukacha munthu amasamba, amavala nsapato, n'kupita.

Amayi atangonyamuka, Kanjiwa anavala nsapato zake mosemphanitsa, anatenga kachikwama n'kukaima pachitseko. Wailesi anamunyengerera ndi zivindikiro. Anamuimbira nyimbo. Kanjiwa anadikira pang'ono, kenako anayamba kugunditsa chipumi pachitseko, gu, gu, gu.

"Siya, Kanjiwa, uvulala!"

Gu, gu, gu.

Wailesi anaika chikhatho chake pakati pa chipumi ndi thabwa. Anaima choncho mpaka dzanja linachita dzanzi. Kenako anakavala yunifomu, anakonza nsapato za mng'ono wake, n'kutsegula chitseko.

Ankafuna kuzembera njira ya kuseri, koma Kanjiwa sankalola njira yachilendo. Anakoka mkulu wake kulowera njira ya masiku onse, imene inkadutsa pakhomo penipeni pa shopu ya amalume.

Amalume anali atafulatira msewu, akumeta munthu, koma galasi lawo lalikulu linayang'ana kunja. Maso awo anakumana ndi a Wailesi m'galasimo. Makina ometera anasiya kulira.

"Iwe Wailesi!"

Wailesi sanacheuke. Chimene chinamupulumutsa ndi mutu wa kasitomala uja, umene unali utametedwa mbali imodzi yokha. Amalume anafika pakhomo, anayang'ana mutu uja, n'kubwerera m'kati akupukusa wawo.

Kusukulu anapeza zinthu zitasintha. Makoma anali atapakidwa penti. Pakhonde panali zidole zatsopano, zina zikadali m'mapulasitiki ake. M'kalasi ya Kanjiwa munali azimayi ena awiri a maepuloni oyera, amene Wailesi anali asanawaonepo. Sukulu inali itasamba ngati mkwatibwi.

Mlonda anawatchingira pageti.

"Uyu si uja anati asabwere?"

"Ndabwera kumsonkhano wa mabanja," anatero Wailesi. Mawu anatuluka aang'ono, ngati si ake.

"Msonkhano ndi wa makolo. Bwerera msanga Ahedi asanakuone."

"Asiyeni alowe, bambo," anatero munthu wina kumbuyo kwa mlonda. Anali mayi wa magalasi, wovala mpango wautali m'khosi, mmodzi wa oyendera aja. "Amene amaperekeza mwana tsiku lililonse ndi amene tikumufuna."

Ahedi anali pambali pa mayiyo. Anayang'ana Wailesi, anayang'ana Kanjiwa, kenako anamwetulira.

5. M'chipinda cha msonkhano

Mabanja anakhala m'chipinda chodyera, pa timipando ta ana. Amakanika analipo, atavala shati yoyera imene inkawathina m'khosi. Ahedi anakoka mpando kuti akhale kutsogolo.

"Pepani, Ahedi," anatero mayi woyendera uja. "Gawo lino ndi la mabanja okha."

Ahedi anatuluka. Posakhalitsa mlonda anayamba kuthirira maluwa pansi pa windo, maluwa omwe anali atathiriridwa kale.

"Makolo ndi abale," anayamba mayiyo, "mnzanga akuyendera makalasi, ndipo mabuku tawaona. Koma zimene ife timaona ndi za tsiku limodzi. Inu mumaona chaka chonse. Mwana mumamusambitsa ndinu, ndiye mumadziwa akabwera ndi bala. Mumadziwa akaphunzira chinthu chatsopano, mumadziwanso akayamba kuopa chimene kale sankachiopa. Ana ambiri pano sangadziyankhulire, pakamwa pawo ndinu. Tiuzeni zabwino kuti zipitirire, mutiuzenso zosayenda bwino kuti zikonzedwe. Amene akuopa kuyankhula pagulu andipeze payekha tikamaliza, kapena atume munthu amene amamukhulupirira. Sitilemba dzina la munthu. Ndipo mwana sayenera kuchotsedwa sukulu chifukwa chakuti m'bale wake wayankhula."

Mawuwo anali okoma. Koma m'chipindamo munali mabanja ochepa, ndipo amene anabwera ndi mwana woletsedwa anali mmodzi yekha. Dzina lake silinkasowa kulembedwa.

Makolo anayamba kuyankhula mmodzimmodzi. Sukulu ndi yabwino. Aphunzitsi ndi achikondi. Tikuthokoza Ahedi. Amakanika nawo ananena zomwezo, maso ali pa nsapato zawo.

"Nanga iwe, mwanawe?" anafunsa mayiyo. "Mng'ono wako amakhala bwanji pano?"

Wailesi anaimirira. Kunja madzi a mlonda anasiya kutsika. Mtsikana amene ankagonjetsa tambala uja anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Wailesi inali itatha mabatire.

"Amakhala bwino," anatero pomaliza, n'kukhala pansi. Manyazi anamugwira, ndipo misozi inalengeza m'maso.

M'chipindamo munkatentha. Mayi woyendera uja anavula mpango wake, anaukutumula, n'kuutambasula ndi manja awiri kuti aupinde.

Kanjiwa anauona. Anasiya dzanja la mkulu wake, anayenda mpaka pakona, anatembenuza mpando kuti uyang'ane khoma, n'kukhalapo. Kenako anakweza manja onse awiri m'mwamba, kusiya m'chiuno poyera, ndipo anadikira.

Mayi uja anayang'ana mpango uli m'manja mwake, anayang'ananso mwanayo.

"Akuchita chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

Wailesi anaimiriranso.

"Akudikira kuti mumumange, amayi."

Zitatero mawu anatuluka okha. Ananena za windo, za mpando wachitsulo, za mfundo ya kumbuyo ndi za diresi lonyowa. Ananenanso kuti dzulo anauzidwa kuti asabwere naye.

"Koma chonde musatseke sukuluyi," anatero akulira. "Pano ndi pamene waphunzira kudya yekha. Ndipo Anti si oipa ayi. Amakhala okha ndi kalasi yonse, geti ili pamsewu. Azimayi awiri a maepuloni mwawaonawo ine ndawaona lero. Muwapatse Anti owathandiza enieni. Musamuchotse mng'ono wanga, tilibe kwina kopita naye."

Amakanika anamasula batani la m'khosi.

"Mwanayu sakunama," anatero. "Wanga amakhala pachikuku kuyambira m'mawa mpaka masana osamutembenuza. Ali ndi zilonda kumsana. Ndimaopa kunena, chifukwa chomwechi wanena mwanayu."

Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima, kenako naye anakweza dzanja.

Msonkhano utatha, mayi woyendera uja anagwira Wailesi paphewa.

"Wachita bwino, mwanawe. Tikakambirana ndi Ahedi lero lomwe, ndipo tidzabweranso."

"Liti, amayi?"

Mayiyo anachotsa dzanja paphewa pake. "Posachedwa," anatero.

Galimoto ya oyendera inatuluka dzuwa litapendeka. Ahedi anaibaibitsa mpaka inakhota pamsika, kenako anatsitsa dzanja n'kulowa mu ofesi osayang'ana munthu.

6. Jumbo ya mlonda

Madzulo Wailesi sanafunikire kuyamba nkhani, poti amalume anali atafika kale kuntchito kwa amayi kukawauza kuti anamuona akupita ndi Kanjiwa. Komabe anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Atafika pa za mpango ndi manja a Kanjiwa, amayi anaphimba nkhope ndi nsalu imene ankasoka. Sanamukalipire. Sanadyenso. Wailesi akanakonda kumenyedwa kusiyana ndi chete ameneyo.

Lachisanu m'mawa Kanjiwa anavala nsapato monga mwa masiku onse. Amayi sananene kuti pitani, sananenenso kuti musapite.

Shopu ya amalume inali isanatsegulidwe. Pakhonde la sukulu zidole zija panalibe. Geti inali yokhoma, ndipo mlonda anaima kunja kwake, jumbo ili m'manja.

"Izi ndi za mng'ono wako," anatero mlonda. M'jumbomo munali kapu ya Kanjiwa, supuni yake ndi diresi losinthira.

"Bwanji, bambo?"

"Anti achotsedwa ntchito dzulo. Ahedi akuti mlandu wonse ndi wa iwowo. Ndiye akuti pakali pano palibe woti n'kuyang'anira mwana wothawathawa ngati uyu. Adikire kunyumba mpaka adzakuitaneni."

"Adzatiitana liti?"

Mlonda anangoyang'ana pansi.

Kanjiwa anali atagwira kale zitsulo za geti ndi manja onse awiri. Ana anzake ankaoneka pakhonde. Kanjiwa anakankha geti, anaikoka, kenako anayang'ana mkulu wake kuti amutsegulire. Wailesi anachita mantha amene anali asanachitepo. Anti analibe ntchito, Kanjiwa analibe malo, ndipo zonsezi zinatuluka pakamwa pake.

Wailesi anatambasula dzanja kuti alandire jumbo ija, koma dzanja lina linamupitirira. Anali amayi. Anali atawatsatira chapatali njira yonse, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Amayi anasuzumira m'jumbomo, anaimanga bwinobwino, n'kuibwezera m'manja mwa mlonda.

"Kabwezeni pamene mwazitenga, bambo. Ndipo tsegulani, ndikufuna kuonana ndi Ahedi."

"Mayi, Ahedi ananena kuti..."

"Tsegulani."

Mlonda anayang'ana ku ofesi. Katani ya pawindo la Ahedi inagwedezeka. Mlondayo anapisa dzanja m'thumba n'kuyamba kufufuza makiyi, pang'onopang'ono ngati akuyembekeza kuti atayika.

Amayi anagwira dzanja la Wailesi.

"Ine ndikuopa, mwana wanga," ananong'ona. "Kutsutsana ndi anthu ophunzira sindikudziwa. Mawu akandithera m'katimo, upitirize iwe."

Loko anatseguka. Kanjiwa analowa woyamba, akuthamangira kukalasi yake, ndipo chitseko cha ofesi ya Ahedi chinali chitatseguka kale.